Buku Limene Ndinamangitsira Alamu Anga

Takhuta, a tcheya, ndiye zikomo wa Chisena ameneyo, pondipatsa mpata. Abale ndi alongo, lero mwamva za kachasu, mwamvanso za kubetcha mpira pa foni. Ine ndikatchula changa ena museka. Sekani ndithu, sindikwiya. Chimene chinandigwetsa ine ndi timabuku ta zithunzi.

Dzina langa ndi Zuze. Ndinagwira ntchito zaka khumi ndi zinayi ku labu ya fakitale ya shuga, kupima madzi a nzimbe. Ntchito yake ndi ya maso. Ukalakwitsa kadontho kamodzi, mlimi walira. Anthu ankati Zuze saphonya, ndipo ine ndinkanyadira zimenezo.

Bambo anga anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, n'kupeza ntchito yophika kunyumba kwa mzungu wina wa ku esiteti. Mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira njinga, mapoto awiri ndi bokosi lachitsulo lodzaza makomiki. Kwa amene simuwadziwa, ndi timabuku topyapyala ta nthano zojambula, mawu a anthu ake amalembedwa pamwamba pa mitu yawo. Amenewa anali akalekale, a nkhani zopeka za kumwamba: zombo zouluka kupita ku nyenyezi, anthu achitsulo, zilombo za maso atatu. Chingerezi changa ndinachiphunzirira mmenemo, nditakhala pansi pa bwemba, manja ali mango okhaokha. Bambo atamwalira bokosilo linabwera kwa ine, n'kugona pansi pa bedi zaka zambiri. Akazi anga, mayi a Rute, ankaikapo nsapato.

Tsiku lina pa nthawi yopuma ndikuyang'ana pa foni, ndinaona chikuto chimene ndinachizindikira. Linali buku lofanana ndi limodzi mwa mabuku a m'bokosi muja, koma lotsekeredwa m'kabokosi ka pulasitiki yolimba, pamwamba pali nambala. Ndinafufuza. Kunja kuli makampani opima mabuku otere, monga amachitira ndi thonje pamsika. Amayang'ana ngati pepala linapindika, ngati lili ndi banga, ngati timawaya tomangira tinachita dzimbiri. Akatero amalipatsa giredi, kuyambira pansi mpaka khumi, n'kulimatira m'kabokosi. Kabokosiko ukangokaswa, giredi yatha. Ndiye kuti buku lopimidwa saliwerenga ayi. Amangoliyang'ana kunja. Ndipo anthu amalimbirana zinthu zimenezi moti simungakhulupirire.

Ndinalowa m'gulu la pa foni la anthu otolera mabukuwa. Ndinasankha mabuku atatu a m'bokosi la bambo amene ndinkawaona ngati abwino koposa, n'kuwapereka kwa a Gondwe, injiniya wa kuntchito amene ankapitapita ku Joni, kuti akanditumizire kwa opima aja. Panapita miyezi isanu ndi iwiri. Mabukuwo atabwera, lina linali ndi giredi ya atatu, lina awiri ndi theka, lina anayi. Pakapepala analemba kuti mabanga, kupindika, dzimbiri.

Apa mundimvetsere bwino, chifukwa matenda anga anayambira pomwepa. Sindinakumbukire mwana wa pansi pa bwemba uja ndi manja ake a mango. Chimene chinabwera m'mutu n'chakuti a Gondwe andisinthira mabuku. Anga abwino agulitsa ku Joni, n'kutumiza zinyalala. Umboni ndinalibe ngakhale umodzi, koma mtima unakhazikika ngati ndawagwira dzanja lili m'thumba. Ndinasiya kuwapatsa moni. Iwo ankandifunsa, “Akulu, ndakulakwirani chiyani?” Ine ndinkangomwetulira, mumtima ndikuti mbava ndiyo imadziwa kufunsa.

Kuchoka apo zinathamanga. Ndinayamba kugula mabuku opimapima kale. M'gulu lija nkhani inali imodzi tsiku ndi tsiku: chenjerani ndi mabokosi abodza, chenjerani ndi anthu otsegula n'kumatanso, musakhulupirire aliyense. Ena ankawerenga n'kupitiriza moyo wawo. Ine ndinkameza zonse. Ndinagula galasi lokulitsa zinthu, buku lililonse likafika ndinkalizunguza mpaka maso kuwawa. Ng'ombe ziwiri zimene bambo anandisiyira ku Chapananga ndinagulitsa osauza munthu, n'kugula buku limodzi la giredi eyiti. Pachikuto panali mayi wovala chipewa chagalasi, ataima pa dziko lofiira, kumbuyo kwake chombo chosweka chikufuka utsi. Ndinkalitcha Eyiti basi, ngati dzina la mwana.

Inu mukudziwa kutentha kwa kuno mwezi wa Okutobala. Mapepala akale sagwirizana ndi kutentha kapena chinyezi. Ndiye ndinatulutsa ana anga awiri, Rute ndi Esinati, m'chipinda chawo kuti azigona pabalaza. Fani imodzi yomwe tinali nayo ndinailowetsa kwa mabuku. Ana akudzuka ndi timatuza ta thukuta m'khosi, mabuku akupemereredwa mphepo. Pachitseko ndinaika loko, kenako wachiwiri. Makiyi ndinawamangirira pachingwe m'khosi. Pochoka ndinkawaza ufa pansi kuti ndione mapazi, n'kumata kaulusi pakati pa chitseko ndi felemu.

Tsiku lina ndinapeza timadontho tofiirira pa buku lina losapimidwa. Lero ndikudziwa kuti ndi mmene pepala limakalambira kumalo a chinyezi. Tsiku limenelo ndinaitana mayi a Rute.

“Mwalowa muno ndi manja onyowa.”

“Ndilowa bwanji, bambo a Rute? Makiyi mumasamba nawo.”

“Munadulitsa ena.”

 Anati, “Ufa umene mumawaza pansiwo, mukanandipatsa ndikanaphikira ana phala.”

Ine ndinamva ngati munthu wozemba funso. Matenda amenewa ali ndi nzeru yoipa. Munthu akakana, umati akubisa. Akakhala chete, umati wavomera. Akalira, umati akuchita sewero. Palibe khomo lotulukira limene umamusiyira.

Kenako ndinasiya kukhulupirira ngakhale maloko aja. Eyiti ndinayamba kumusuntha. Lero kudenga, mawa m'thumba la mapira, mkuja kuseri kwa kabati. Ndinkati wakuba asadziwe malo.

Tsopano ndinene za alamu anga a Jofilisi, achimwene awo a mayi a Rute. Ndi msodzi wa ku Nyachikadza, munthu wa nthabwala, wosadziwa kukwiya. Akabwera kuno kudzagulitsa milamba youma ankagona kwathu, ndipo sankalowa pakhomo chimanjamanja. Ulendo wina anati, “Alamu, tamva kuti muli ndi mabuku ogona pa fani. Tiwaone nafe.” Ndinatulutsa Eyiti n'kuwaonetsa ndili chapatali, osawapatsa m'manja. Anaweramira pafupi, n'kuseka.

“Kameneka kangandigulire ukonde ndi bwato lomwe?”

“Kangagule,” ndinatero.

“Ndiye muzigona nako bwino, shamwali.”

Anaseka, mayi a Rute anaseka, ana anaseka. Ine sindinaseke.

Patapita sabata ndinafuna Eyiti, osamupeza. Kudenga kunalibe. Mapira ndinakhuthulira pansi. Matiresi ndinang'amba ndi mpeni. Ndipo mawu aja anabwerera: muzigona nako bwino. Ndinati basi, anachita kundichenjeza yekha.

Ndinapita ku polisi ndi zithunzi za buku, mapepala ogulira, zonse zili m'dongosolo ngati lipoti la ku labu. Ndinayankhula ngati munthu wanzeru zake, ndipo anandikhulupirira. A Jofilisi atabweranso ndi nsomba, ndine ndinakawaloza pamsika. Anawanyamula dzuwa lili pamutu, makasitomala awo akuona, amayi ogulitsa tomato atagwira pakamwa. Iwo ankangoti, “Alamu, n'chiyani? Alamu?” Ine ndinayang'ana kumbali.

Mayi a Rute anandigwadira pakhonde. Anali asanandigwadirepo chotero chikwatiranireni.

“Bambo a Rute, achimwene sadziwa n'kuwerenga komwe. Akagulitsa kwa ndani buku lachizungu ku Nyachikadza? Kawatulutseni.”

“Inu ndi amene munawapatsa kiyi,” ndinatero.

Anadzuka, n'kusasa fumbi m'mawondo.  M'mawa mwake ndikubwera kuntchito, ndinapeza nyumba ili zii. Mayi a Rute anali atatenga ana, zovala ndi poto mmodzi, n'kupita kwawo ku Nyachikadza.

A Jofilisi anagona m'chitokosi masiku atatu. Anawamasula chifukwa panalibe chowagwirira. Madengu awo a nsomba, amene anatsala pamsika opanda mwini, sanapezekenso. Ndipo dzina lakuti wakuba linawatsogolera mpaka kwawo.

Mukuganiza kuti ndinamva chisoni? Ndinati apolisi adya nawo.

Ndinatsala ndekha ndi maloko anga. Mayi wina woyandikana nafe ankandibweretsera chakudya pomva chisoni, ine ndinkataya kudzala poopa kuti athiramo mankhwala. Ndinayamba kumwa, ine amene ndinali ndisanalawepo mowa, kuti mutu usiye kulankhula. Sunasiye. Kuntchito ndinkathawa masana kukaona ngati kaulusi kaduka. Ndinasokoneza mabotolo a alimi awiri, n'kunena kuti anzanga andisinthira dala. Anandichenjeza pakamwa, anandichenjeza polemba, kenako anandipatsa kalata. Zaka khumi ndi zinayi zinathera pa pepala limodzi, ndipo sindingawanene kuti anandilakwira.

Apa ndiyende pang'onopang'ono.

Tsiku lomaliza anandiuza kuti ndichotse katundu wanga m'kabati yachitsulo, ija aliyense amasungiramo ovolosi ndi magambutsi. Panali mlonda mmodzi ndi mayi Chirwa, amene anali bwana wanga ku labu. Inali cha m'ma teni m'mawa, makina akulira, fungo la manyuchi lili ponseponse. Ndinatsegula loko. Ndinatulutsa ovolosi, kapu, sopo. Nditanyamula magambutsi akale, pansi pake panali kaphukusi kokulungidwa m'nyuzipepala, komangidwa ndi chingwe cha khonje.

Ndinadziwa ndisanamasule. Kulemera kwake ndinkakudziwa ngati kwa mwana wanga.

Abale, ndikuuzeni zoona. Mawu oyamba kutuluka pakamwa panga sanali akuti Ambuye ndikhululukireni. Ndinatembenuka n'kunena kuti, “Ndani waika chimenechi muno?”

Mlonda anayang'ana mayi Chirwa. Mayi Chirwa anayankhula motsitsa mawu.

“A Zuze, loko ameneyo mwamusintha katatu chaka chino. Kiyi wake ndi uyo ali m'khosi mwanuyo.”

“Anthu amadulitsa makiyi.”

“Chabwino. Nanga zalembedwa pamwambazo walemba ndani?”

Ndinayang'ana. Pa nyuzipepala panali mawu a bolopeni yofiira: Osakhudza. Pansi pake chilembo choyamba cha dzina langa, chokhala ndi kamzere pakati, mmene ndimalembera pa mabotolo a ku labu. Mfundo ya chingwe inali ija bambo anandiphunzitsa, yomangira katundu panjinga. Ndinayesa kufunafuna munthu woti angakopere zonsezi. Mutu wanga unathamanga kwa a Gondwe, kwa mlonda, kwa mayi Chirwa omwe. Unathamanga n'kusowa kolowera.

Ndiye zinabwerera. M'mawa wotsatira nthabwala ya a Jofilisi ija, iwo akusukusula kuseri, ine ndinakulunga Eyiti, n'kumuika m'chikwama cha chakudya, n'kubwera naye kuntchito kuti alamu asamupeze. Ndinali nditamusuntha kambirimbiri moti malo omalizawa anafufutika m'mutu. Ndinamubisa ndekha poopa munthu, kenako ndinamangitsa munthu yemweyo chifukwa sindinamupeze.

 Ndinakhala pansi pa simenti, kaphukusi kali pamiyendo. Sindinalire. Ndinkangomva mawu aja pamsika: Alamu, n'chiyani? Alamu?

Mayi Chirwa anauza mlonda kuti atidikire panja. Anakoka benchi n'kukhala.

“A Zuze, ndinali ndi mchimwene wanga amene ankati aneba amamumvetsera kudzera m'mawaya a magetsi. Tinkati ndi ufiti, tinazungulira naye mpaka ku Mozambiki. Anathandizidwa kuchipatala cha boma, kuli tsiku loona anthu ovutika maganizo. Sindikunena kuti ndinu wamisala. Ndikunena kuti munthu amene ndinagwira naye ntchito zaka zonsezi si uyu wakhala pansiyu.”

Ndinawayang'ana, ndipo kamawu ka m'mutu kaja kanayamba: akufuna akutsekere kuti atenge mabuku. Koma ulendo uno ndinakamva ngati kamawu, osati ngati choonadi. Kanali koyamba kusiyanitsa ziwirizi.

Kuchipatala sindinapite msanga. Ndinaganiza kuti kupepesa kokha kukwanira. Ndinakwera minibasi mpaka ku Nsanje boma, kenako bwato kuwoloka Shire kupita ku Nyachikadza. Ndinapeza a Jofilisi akusoka ukonde pansi pa mtengo. Apongozi anga aamuna anali pampando chapafupi. Mayi a Rute anandiona n'kulowa m'nyumba. Palibe anandilandira chikwama.

Ndinagwada, n'kufotokoza zonse, n'kutulutsa Eyiti.

A Jofilisi sanasiye kusoka. Patapita nthawi anati, “Ndiye kameneka.”

“Ndi kameneka, alamu.”

“Mkatimo muli nkhani yanji?”

“Sindikudziwa.”

Singano inaima. “Simukudziwa?”

“Sindinaliwerengepo. Linabwera lomata kale.”

Anayang'ana apongozi, apongozi anayang'ana pansi. Kenako a Jofilisi anati, “Ine ndagona masiku atatu pa simenti, pafupi ndi ndowa. Mwana wanga kusukulu akumutcha mwana wa mbava. Ndikufuna ndimve nkhani imene ndinagonera. Tsegulani mutiwerengere.”

Abale ndi alongo, ndikanakonda ndikanakuuzani kuti ndinaswa pomwepo. Ndinagwira kabokosi kaja. Ndinamva pakamwa panga pakutuluka mawu akuti, “Alamu, ndikatsegula giredi yatha.”

A Jofilisi anaseka, koma sikunali kuseka kwawo kuja. “Nkhabe, ayi ndithu, alamu. Simunachire. Bwato lomaliza likunyamuka posachedwa, musalichedwerere.”

Ndinawoloka ndekha, buku lili m'chikwama. Pakati pa mtsinje ndinaona bwinobwino kuti andipatsa mwayi wosankha pakati pa banja langa ndi pulasitiki, ndipo ndasankhanso pulasitiki. Kabati ija inandionetsa kuti ndinalakwa. Bwato lija linandionetsa kuti ndikudwala. Lachiwiri lotsatira ndinali pamzere kuchipatala.

Tsopano ndinene zimene ndinachita, mwina wina zimuthandiza.

Kuchipatala anandimvetsera osaseka. Anandipatsa mankhwala, n'kundiuza kuti ndizibwera mwezi uliwonse kudzacheza nawo. Masabata oyamba ndinkakayikira mapiritsi omwewo, ndinkawayang'ana ndi galasi langa lija. Ndinawauza adokotala. Anati, “Yang'anani mmene mungafunire, mukatha mumwe.” Ndinkamwa. Mowa ndinasiya chifukwa anandiuza mosabisa kuti ziwirizi siziyendera limodzi.

M'gulu la pa foni ndinatulukamo. Anthu ake si oipa, ambiri amatolera mabuku awo mwamtendere. Koma kwa ine linali ngati shabini kwa chidakwa.

Makiyi ndinavula m'khosi n'kukawasiya kwa mkulu wa mpingo wathu. Ndikafuna kulowa m'chipinda chija ndinkayenera kuyenda mpaka kwawo n'kunena chifukwa. Mukanena mokweza kuti ndikufuna ndikaone ngati kaulusi kaduka, mumadzimva nokha mmene zikumvekera.

Ndinabwerera ku polisi kukalembetsa kuti buku lapezeka, ndipo ndinalibisa ndine. Kenako ndinapita pamsika paja, tsiku la msika, pamalo pomwe anawanyamulira. Ndinaima pakati pa ogulitsa nsomba n'kunena mokweza kuti a Jofilisi sanabe kanthu, wonama ndine. Mayi wina anandiponyera mutu wa mlamba. Wina anati, “Bwerezani, a kumapeto sanamve.” Ndinabwereza. Manyazi amene munampatsa munthu pagulu simungawachotse pomunong'oneza kuseri.

Kwa a Gondwe ndinapitanso. Ndinawauza zimene ndinkawaganizira zaka ziwiri. Anati, “Akulu, ine mabuku anu ndinawanyamula pachifuwa m'basi kuopa kuti angapindike.” 

Mabuku opimidwa ndinagulitsa onse kupatula Eyiti, ndipo zimene ndinapeza zinayamba zapita ku Nyachikadza kukabwezera nsomba zija. Chipinda ndinasesa, ufa wonse ndinakolopa, mabedi a ana ndinabwezeramo ngakhale anawo kunalibe.

Chinthu china chimene anandiphunzitsa kuchipatala ndimachichitabe mpaka lero. Ganizo lokayikira munthu likabwera, sindichitapo kanthu tsiku lomwelo. Ndimalilemba, n'kudikira masiku atatu, n'kuuza munthu mmodzi amene ndinamusankha ndili bwino. Kawirikawiri pofika tsiku lachitatu ndikaliwerenga ndimachita manyazi. Si kuti anthu oba kulibe. Alipo. Koma wakuba weniweni amakhalabe wakuba pakatha masiku atatu, pamene wa m'mutu mwanga amakhala atasungunuka.

Patatha miyezi isanu ndinawolokanso. Ulendo uno sindinalankhule zambiri. Ndinaika Eyiti pa mphasa patsogolo pa a Jofilisi n'kunena kuti, “Ndi lanu. Chitani nalo chimene mukufuna.”

Analitembenuza uku ndi uku. “Mukutsimikiza?”

“Sindikutsimikiza, alamu.  Koma chitani.”

Anatenga nkhafi, n'kuika kabokosi pa chitsa, n'kumenya kamodzi pakona. Phwaa! Ndinatseka maso. Nditatsegula, anali atatulutsa bukulo ndi manja awo a mamba a nsomba, n'kundipatsa.

“Werengani. M'Chisena, kuti amve onse.”

Anthu anasonkhana, apongozi, akazi a alamu, ana anga. Mayi a Rute anaima pakhomo atapinda manja. Ndinayamba kumasulira tsamba ndi tsamba. Mayi wa chipewa chagalasi uja chombo chake chagwa pa dziko lofiira, mpweya ukumuthera, anthu achitsulo akumusaka. Esinati anabwera kudzatsamira paphewa langa kuti aone zithunzi. Chikhalire ndinali ndisanamulole kufika pafupi chotero ndi buku. Tinafika tsamba lomaliza. Mayi uja wathawira kuphanga, chitseko chikutseguka, dzanja lachitsulo likulowa. Pansi pake analemba kuti nkhaniyi ipitirira m'buku lotsatira.

“Kenako?” anafunsa a Jofilisi.

“Yathera pomwepa, alamu. Yotsatira ili m'buku lina.”

“Muli nalo?”

“Ndilibe.”

 A Jofilisi anagwa chagada pa mphasa, kuseka mpaka misozi. “Masiku atatu! Masiku atatu pa simenti chifukwa cha nkhani yopanda mathero!” Apongozi anaseka, bwalo lonse linaseka. Nditayang'ana pakhomo ndinaona mayi a Rute atabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira. Ndinawafunsa patapita nthawi, anati zonse ziwiri.

Sanabwerere tsiku limenelo. Anabwera sukulu zitatsegulira, ndi mawu awo: makiyi onse a nyumba asunga iwo, kuchipatala tizipita limodzi, ndipo tsiku limene ndidzawanenenso kuti aba, sadzadikira kuti kuche. Ndinavomera. Ntchito ya ku fakitale sinabwerere. Pano ndimaphunzitsa sayansi pa sukulu ina yapulaiveti, ndipo mabuku a bambo otsala aja ali pashelefu m'kalasi, osamata, ena zikuto zinathothoka kale. A Jofilisi amabwera kwathu, timadya limodzi, koma pakhonde. M'nyumba salowa. Amati, “Ndimakukondani, alamu, koma ndikhale pamene anthu akundiona.” Zimandipweteka, ndipo sindiwakakamiza. Ndinawaphunzitsa ndine.

Mwina muno mulibe wina wotolera makomiki. Koma ndikudziwa kuti alipo amene amafufuza foni ya akazi awo akapita kosamba. Alipo amene amanunkhiza malaya a amuna awo. Alipo amene anasiya kudya kwa m'bale wawo chifukwa cha maloto. Mumtima mlandu munauzenga kale, mukungodikira tsiku lopereka chilango. Ine ndinali wotsimikiza kuposa nonsenu. Ndinali ndi zithunzi ndi mapepala. Musadikire mpaka munthu atagona pa simenti. Tikatha pano ndipezeni panja, ndikuuzani tsiku la kuchipatala, ndipo ngati mukuopa kupita nokha, tipita awiri.

Musaganize kuti waima panoyu anachira n'kuiwala. Kunyumba kwathu lero kuli alendo asanu ndi mmodzi ochokera kumudzi, abwera kudzaona wodwala kuchipatala. Pobwera kuno nditafika pa kamlatho ka ngalande, miyendo inaima yokha. Kamawu kanati bwerera, sukuwadziwa bwino anthu aja, tabwerera ukangoona. Ndinaima pamenepo njinga zikundiimbira belu. Kenako ndinaimbira mayi a Rute n'kuwauza kuti kabweranso.

Anati, “Zitseko zonse zili pululu, alendo akumwa tiyi, wina wagona pabedi panu. Pitani kumene mukupita, bambo a Rute.”

Ndiye ndabwera. Thukuta mukulionali si la kutentha kokha ayi. Koma ndabwera, ndipo ndikhala mpaka pemphero lotsekera. Takhuta, a tcheya, ndakhala pansi.